Mbuya Gwanda Chakuamba ndi mpando wa mtsogoleri wotsutsa boma

Kuno ku Salima aphungu a Nyumba ya Malamulo timawaona kawirikawiri, ngakhale kuti sabwerera ife. Amadutsa pa Kamuzu Road pa galimoto za magalasi akuda kulunjika ku Senga Bay, kumene makomiti awo amakonda kuchitira misonkhano m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Ukawapeza madzulo, wa boma ndi wotsutsa ali pa tebulo limodzi, chambo chili pakati, akuseka mpaka misozi. Mnyamata wina wogulitsa ziboliboli kumeneko adandifunsa tsiku lina ngati mikangano timamva pa wailesi ija imakhala yeniyeni kapena ndi sewero chabe. Ndidamuyankha mwachidule kuti ntchito ndi ntchito, nsima ndi nsima. Koma yankholo silidandikhutiritse ine mwini, ndipo pobwerera kunyumba ndidapezeka ndikuganiza za malemu Gwanda Chakuamba, amene ambiri tinkangowatchula kuti Mbuya.

Ndidawaganiza chifukwa palibe Mmalawi wina amene adalawa mbali zonse za nkhani yotsutsa boma ngati iwowa. Adathandiza kutseka pakamwa otsutsa. Adakhala kundende zaka 13 powaganizira kuti akutsutsa. Atatuluka adakhala mtsogoleri woyamba wa mbali yotsutsa boma m'Nyumba ya Malamulo ya zipani zambiri. Anzawo a m'chipani chawo chomwe adawalanda mpandowo. Ndipo tsiku lina, anthu atawakhulupirira kwambiri, adawusiya okha nkukalowa m'boma.

A Chakuamba adabadwa m'chaka cha 1934 m'boma la Nsanje, limene kale linkatchedwa Port Herald. Ife a ku Salima timamvana ndi anthu a kuchigwa cha Shire pa zinthu zitatu: kutentha, thonje ndi madzi osefukira. Mwina nchifukwa chake ndimawamvetsa pang'ono momwe anthu a kumeneko adakakamirira munthu wawoyu kwa zaka zambirimbiri, alakwe asalakwe. Dera likakhala kutali ndi likulu, mwana wanu mmodzi akafika pamwamba simumutaya wamba. Adaphunzira ku Zomba Catholic, kenako ku Solusi m'dziko la Southern Rhodesia, ndipo adalowa ndale adakali mnyamata, nthawi yolimbana ndi chitaganya. Pa chisankho cha mu August 1961 adali mmodzi mwa achinyamata a Malawi Congress Party amene adalowa m'nyumba yopanga malamulo ku Zomba.

Ambiri sadziwa kuti m'nyumba imeneyo mudali mbali yotsutsa. Chipani cha United Federal Party, chokonda chitaganya, chidapeza mipando isanu pa kaundula wapadera wa anthu achuma ndi ophunzira, ndipo loya wina wachizungu wa ku Blantyre, Michael Blackwood, ndiye ankatsogolera kagulu kameneka. Choncho m'maso mwa mnyamata ngati Gwanda, wotsutsa boma woyamba kumuona adali mzungu wofuna kuti dziko lino lipitirire kulamulidwa kuchokera ku Salisbury. Mfundo imeneyi ndimaiona kuti njofunika. M'badwo wonse wa andale athu oyamba udakula ukudziwa kuti kutsutsa ndi kugulitsa dziko, ndipo Kamuzu sadavutike kuwaphunzitsa zimenezo.

Komatu kumene tidatengera mwambowu, ku Britain, nkhani idali ina. Kumeneko adazindikira kalekale kuti munthu angathe kudana ndi nduna zonse koma nkukhalabe wokhulupirika ku dziko lake, mpaka m'chaka cha 1937 adakhazikitsa lamulo loti mtsogoleri wa otsutsa azilandira malipiro kuchokera ku thumba la boma. Taganizani, boma kulipira munthu kuti azilipezera zifukwa. Ife tidatengera mkanjo wa sipikala, ndodo yaulemu ija ndi kakhalidwe koyang'anizana m'nyumbamo, koma mtima wolola kutsutsidwa tidausiya padoko.

Mayeso adabwera msanga. Mu September 1964, patangotha miyezi iwiri tilandire ufulu, nduna zidasemphana ndi Kamuzu pa nkhani zingapo: tiki imene odwala ankayenera kulipira kuchipatala, malipiro a anthu ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndi ubwenzi wake ndi Apwitikizi komanso boma la tsankho la South Africa. Kamuzu adachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere atabwerako ku Canada adachita chimodzimodzi. Pa 8 ndi 9 September nyumba idakambirana nkhaniyi. Apa mpamene dziko lino likadabala mbali yotsutsa yakeyake, ya anthu omwe adamenyera ufulu limodzi ndi Kamuzu. Sizidatheke. A Chakuamba adaima mbali ya Kamuzu, adapatsidwa unduna, ndipo chakumapeto kwa mwezi womwewo anthu otsatira nduna zochotsedwazo adawamenya koopsa pa Thondwe. Nduna zija zidathawira kunja. Pofika July 1966 malamulo a dziko adanena poyera kuti chipani nchimodzi basi, ndipo mu 1971 Kamuzu adakhala pulezidenti wamuyaya.

Zaka zotsatira zidali zokoma kwa Mbuya. Adayenda m'maunduna osiyanasiyana, adakhala mkulu wa chipani m'chigawo cha kummwera, ndipo m'zaka za m'ma 1970 adali mkulu wa apayoniya. Za apayoniya ife a ku Salima tili ndi nkhani ziwiri, ndipo zonse nzoona. Ntchito yotukula ulimi m'mbali mwa nyanja itayamba ndi thandizo la dziko la Germany, achinyamata ochokera m'makampu a payoniya adapatsidwa minda ku sikimu ya Chinguluwe, nkumalima thonje mwaluso lomwe ambiri adatengerapo phunziro. Nkhani inayo ndi imene dziko lonse limaidziwa: khadi la chipani pakhomo la msika, khadi pokwera basi, ndi lamulo loti wapolisi sangamange mpayoniya popanda chilolezo. Gulu lotere likakhala m'manja mwako, anthu amakuopa. A Chakuamba ankaopedwa, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezi poti adamwalira.

Mu February 1980 zinthu zidatembenuka. Adamangidwa pa mlandu woukira boma, ndipo khoti la mafumu la m'chigawo cha kummwera lidawalamula kukakhala kundende zaka 22. Makhoti amenewa adapatsidwa mphamvu zozenga milandu ikuluikulu m'chaka cha 1969, ndi Nyumba ya Malamulo yomweyo imene a Chakuamba adali membala wake. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Msampha umene adathandiza kutchera udagwira mwendo wawo womwe, ndipo m'nyumba monsemo mudalibe phungu ndi mmodzi yemwe woti nkuimirira kufunsa kuti kodi nduna ija yalakwanji, umboni wake uli kuti. Uyo akadafunsa akadawatsatira komweko.

Ndikafuna kufotokozera ana a masiku ano ntchito ya wotsutsa boma, ndimayambira pamenepa. Si nkhani yokuwa kapena kumenya matebulo ayi. Ndi kukhala ndi munthu mmodzi amene malamulo amamulola kufunsa funso loipa pagulu, dzina lake nkulembedwa m'buku la zokambirana za nyumbayo, iye nkukagona kunyumba kwake usiku womwewo. Mu May 1983, a Chakuamba ali m'ndende, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma nkulengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Nyumba idakumananso, osamveka wofunsa. Nthawi zina ndimaganiza kuti ndende ija idawapulumutsa Mbuya. Munthu wa mtima wawo uja akadakhala panja m'chaka chimenecho, kaya.

Adakhala m'ndende mpaka mphepo idasintha. Kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa pa 8 March 1992, Chakufwa Chihana adamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe mwezi wotsatira, Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu October chaka chomwecho, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi 63 mwa 100 alionse adavotera nyali, kukana tambala wakuda. Mu July a Chakuamba adatuluka. Adayamba alowa UDF, ndipo tonse tidati nzomveka, munthu wazunzika chotere angabwererenso kwa omwe adamumanga? Posakhalitsa tidamva pa wailesi kuti abwerera ku Kongeresi ndipo ndi mlembi wamkulu wa chipanicho. Tsiku limenelo pa bawo padalibe wosuntha njombwa, aliyense adali ndi maganizo ake. Ena ankati agulidwa. Ena ankati apita kukabwezera ali mkati. Ine ndimaona kuti adawerengera bwino: ku UDF mipando yakutsogolo idali itadzaza kale, pomwe Kongeresi inkasowa munthu wa kummwera, komanso munthu wokhala ndi zipsera za ndende woti nkuimirira pamaso pa anthu osachita manyazi.

Zimene zidatsatira ngakhale wolemba sewero sakadaziganiza. Mu October 1993 Kamuzu adapita naye ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndipo dziko lidasiyidwa m'manja mwa anthu atatu: a Chakuamba ngati wapampando, a John Tembo ndi a Robson Chirwa. Munthu amene mu June adali mkaidi, mu October ankayendetsa dziko. Ndipo ali pampando pomwepo, kumayambiriro kwa December, apayoniya adawombera asilikali ku Mzuzu, asilikali nkuyamba ntchito ija idatchedwa Operation Bwezani, yolanda zida apayoniya ndi kuphwasula makampu awo. Kuno kwathu, kumene kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi asilikali a paparachuti ku Senga Bay, nkhaniyi inkakambidwa ngati ya pakhomo. Apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. Gulu limene Mbuya adalitsogolera lidatha iwo akuyang'ana, ndipo patangopita masiku ochepa Kamuzu adalengeza kuti wachira, watenganso udindo wake.

Pa chisankho cha pa 17 May 1994 adaima ngati wachiwiri kwa Kamuzu, ndipo adagonja kwa a Bakili Muluzi. Mwa mipando 177 ya m'Nyumba ya Malamulo, UDF idapeza 85, MCP 56, AFORD 36. Kamuzu sadali phungu, choncho udindo wotsogolera otsutsa m'nyumbamo udagwera a Chakuamba, phungu wa kumpoto kwa Nsanje. Padalibe wowaonetsa njira. Malamulo aakulu a dziko, amene adalembedwa mothamanga chaka chomwecho, satchula nkomwe za udindo umenewu. Umangopezeka m'malamulo oyendetsera zokambirana za nyumbayo. Komanso dongosolo lathu ndi losakaniza. Ku Britain wotsutsa amayang'anizana maso ndi maso ndi nduna yaikulu sabata ndi sabata, pomwe kuno pulezidenti si phungu, kawirikawiri amangobwera kudzatsegula nyumba nkumapita. Wotsutsa amatsala akulimbana ndi nduna, mwini mudzi ali ku Sanjika.

Ngakhale zidali choncho, miyezi yoyambirira idaonetsa mphamvu imene mbali yotsutsa ingakhale nayo. MCP ndi AFORD, adani a dzulodzulo, adagwirizana, ndipo pamodzi adali ndi aphungu ambiri kuposa boma. Sipikala woyamba, a Rodwell Munyenyembe, adachokera ku AFORD. Ndimakumbukira momwe tinkaunjikirana pa wailesi ya MBC madzulo, asodzi akusoka makoka, kumvetsera nduna zikufunsidwa mafunso nkumachita chibwibwi. Kwa anthu amene tidakula tikumva aphungu akupikisana kuyamika Ngwazi, zimenezi zidali zachilendo ngati kuona ng'ona ikuthawa mbuzi. Koma mgwirizanowo sudakhalitse. Mu September chaka chomwecho a Muluzi adapatsa a Chihana udindo wa wachiwiri wachiwiri kwa pulezidenti, AFORD nkulowa m'boma. Njira yothetsera otsutsa powaitanira kumphika idayambira pamenepo, ndipo mpaka lero sidatsekeke.

Vuto lina la Mbuya lidali chipani chimene ankatsogolera. Akati adzudzule katangale, a mbali ya boma ankangowakumbutsa za zaka 30 zija. Akati alankhule za ufulu wa anthu, wina ankatchula Mwanza. M'chaka cha 1995 Kamuzu ndi a Tembo adazengedwa mlandu wa imfa za anthu anayi aja, ndipo khoti lidawapeza osalakwa mu December. A Chakuamba okha ndiwo akadatha kuyankha kuti pamene zinkachitika iwo adali m'chitokosi, koma yankho lotere limatsuka munthu mmodzi, silitsuka chipani.

Chida chimene ankachikonda kwambiri chidali kunyanyala, ndipo apa mpamene ine ndimasiyana nawo. Mu 1995 boma litabweretsa bilu yolanda Press Trust m'manja mwa Kamuzu ndi anthu ake, aphungu a MCP adatuluka m'nyumba, biluyo nkudutsa iwo kulibe. Adapambana ku khoti lalikulu, koma khoti la apilo lidabweza chigamulocho kumayambiriro kwa 1997. Mu 1996 AFORD itatuluka m'boma, aphungu ake ena adakana kusiya unduna, ndipo MCP ndi AFORD adanyanyala zokambirana kwa miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, ponena kuti boma likuba aphungu mophwanya gawo 65. Dandaulo lawo lidali lomveka ndithu. Koma miyezi yonseyo malamulo ankadutsa, ndalama zinkagawidwa, ndipo mlimi wa thonje wa kwa Khombedza kapena wa mpunga ku Lifuwu, ngati phungu wake adali wa mbali yonyanyalayo, adalibe womulankhulira. Nyanja ikakalipa ndi mwera msodzi amakhala kumtunda, inde, koma amadziwa kuti tsiku limenelo kwake kugona ndi njala. Aphungu onyanyala sagona ndi njala. Amagona nayo ndi amene adawatuma.

Mu 1997 adasankhidwa kukhala pulezidenti wa MCP atagonjetsa a Tembo, ndipo mu November chaka chomwecho Kamuzu adamwalira. Chisankho cha pa 15 June 1999 ndicho chidali pachimake pa moyo wawo wandale. Adatenga a Chihana kukhala wachiwiri wawo, kusiya a Tembo, ndipo adapeza mavoti 45 pa 100 alionse pomwe a Muluzi adapeza 52. Zotsatira zitatuluka kudabuka ziwawa kumpoto, mizikiti ina nkutenthedwa. Kuno kumene Msilamu ndi Mkhristu amakokera limodzi khoka, ndipo maliro timayendera limodzi, nkhani imeneyo idatiwawa kwambiri, ndipo idatiphunzitsa kuti mawu a wogonja pa chisankho amalemera kuposa a wopambana.

A Chakuamba adakana zotsatirazo nkupita kukhoti. Mfundo yawo ina idali yoti malamulo amafuna kuti wopambana apeze mavoti oposa theka la anthu onse olembetsa m'kaundula, osati la okhawo amene adavota. M'chaka cha 2000 khoti la apilo lidakana, nkugamula kuti amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, ndiye wapambana. Chigamulo chimenechi, chodziwika ndi dzina la Chakuamba, chidalamulira zisankho zathu kwa zaka 20. Muchisunge, tichipezanso kutsogoloku.

Pamene ankalimbana ndi boma kukhoti, kunyumba kudali kukuyaka moto. Poti sankavomereza kuti a Muluzi adapambana, sankapezeka pulezidentiyo akabwera kunyumba ya malamulo. Mu June 2000 nyumbayo idawaimitsa kwa chaka chathunthu, aphungu a UDF atagwirizana ndi a MCP otsatira a Tembo, ndipo mpando wa mtsogoleri wa otsutsa udapita kwa a Tembo. Mu August chipani chimodzi chidachititsa misonkhano ikuluikulu iwiri, wina ku Blantyre wosankha a Chakuamba, wina ku Lilongwe wosankha a Tembo. Kuyambira pamenepo nkhani idali ya maloya ndi ziletso za kukhoti.

Apa mpamene pali funso limene mpaka pano sitidaliyankhe bwino: kodi mtsogoleri wa otsutsa amasankhidwa ndi yani? Ngati mbali ya boma ili ndi dzanja pa kusankha kapena kuchotsa munthu woti aziidzudzula, ndiye kuti mbuzi yapatsidwa mwayi wosankha chingwe chake. Zimene zidachitikira Mbuya mu 2000 zidabweranso mu 2009, pamene malamulo a nyumbayo adasinthidwa kuti aphungu onse, a boma omwe, avote nawo, ndipo DPP ndi unyinji wake idathandiza kuika a Abel Kayembe pampandowo m'malo mwa a Tembo. Khoti lidabwezera a Tembo mpando wawo chaka chotsatira. Eti a Tembo omwewo, amene adapindula ndi dzanja la boma zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Ndipo tonse tidaona momwe a Kondwani Nankhumwa ndi a George Chaponda adakokanirana mpando womwewu m'makhoti DPP itatuluka m'boma. Nthenda yake ndi yomwe ija.

Ngati pali tsiku limodzi limene ndingawaikire kumbuyo a Chakuamba popanda kukayika, ndi la 4 July 2002. Phungu wa AFORD, a Khwauli Msiska, adabweretsa bilu yochotsa malire a materemu a pulezidenti, kuti a Muluzi athe kuimanso. A Chihana adaivomera. A Tembo ndi aphungu awo ambiri adaivomera. Inkafunika mavoti 128, idapeza 125, okana adali 59. Mavoti atatu okha, abale. Mipingo, mabungwe ndi ophunzira adachita mbali yawo kunja, koma kuwerenga kudachitikira mkati mwa nyumba, ndipo pakati pa okanawo padali aphungu a MCP otsatira a Chakuamba ndi ena a AFORD amene adakana kumvera mtsogoleri wawo. Munthu amene adali m'nyumba ija mu 1971 pamene Kamuzu ankapatsidwa upulezidenti wamuyaya, ulendo uno adali mbali yokana. Kaya adachita izi chifukwa chokonda malamulo kapena chifukwa chofuna mpandowo iwo eni, kwa ine zilibe kanthu. Dongosolo lokhala ndi otsutsa silidalira kuti iwo akhale angelo. Limangofuna kuti pakhale wina amene phindu lake lili pa kunena kuti ayi.

Mu 2003 a Tembo adawagonjetsa pa msonkhano waukulu wa MCP, ndipo pasanathe chaka a Chakuamba adatuluka nkuyambitsa Republican Party. Atsogoleri a mipingo atayesetsa kuphatikiza zipani zotsutsa, padabadwa Mgwirizano Coalition wa zipani zisanu ndi ziwiri, Mbuya patsogolo, a Aleke Banda wachiwiri. MCP idakana kulowamo. Pa 20 May 2004 Bingu wa Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, a Tembo ndi a Chakuamba nkugawana oposa theka la mavoti onse. Masamu ake ngosavuta. Akuluakulu awiriwa akadalolerana, boma likadasintha chaka chimenecho. Udani wawo, umene udayamba kale m'nthawi ya Kamuzu, udadyetsa otsutsa zisankho ziwiri.

A Chakuamba adanena kuti awabera. Achinyamata adapita m'misewu ya Blantyre, apolisi adawombera, anthu ena adataya miyoyo. Pasanathe milungu itatu tidamva kuti Mbuya asainirana mgwirizano ndi a Muluzi, alowa mbali ya boma, ndipo mlandu wa chisankho ausiya. Ndikunena zoona, tsiku limenelo anthu ambiri amene ndimawadziwa adasiya kukhulupirira wandale aliyense. Mnzanga wina wa ku Chipoka, amene adayenda wapansi mtunda wautali kukawavotera, adangozimitsa wailesi nkupita kukawedza. Si kuti kugwirizana ndi boma nkulakwa nthawi zonse ayi. Koma ukauza anthu kuti voti yawo yabedwa, ena nkufa chifukwa cha mawu akowo, uli ndi ngongole yoti ukafike nayo nkhaniyo kumapeto.

Mphotho yake sidakhalitse nkomwe. Mu February 2005 Bingu, atasemphana ndi a Muluzi nkuyambitsa DPP, adawapatsa unduna wa zamalimidwe. Patapita miyezi ingapo adawasamutsira ku unduna wa zaulimi wothirira ndi madzi, ndipo mu September adawachotsa, pakati pa nkhani ya galimoto yapamwamba imene idagulidwa ku undunawo. Masiku ochepa chabe atachotsedwa adamangidwa powaganizira kuti anyoza pulezidenti pamsonkhano. Adayambitsanso chipani china, New Republican Party, nkubwerera kwa a Muluzi, ndipo pa chisankho cha 2009 adapezeka ali mbali imodzi ndi a Tembo, mochedwa ndi zaka khumi. Anthu adali atatopa. Dzina lija linkadzaza mabwalo lidasanduka la nthabwala za kusinthasintha, ndipo achinyamata ambiri amene akuvota lero amangodziwa mbali yokhayo.

Ine sindivomera kuti tiwakumbukire choncho basi. Mu 1994 chipani chimene chidalamulira zaka 30 ndi mfuti, apayoniya ndi makhoti a mafumu chidayenera kuphunzira kukhala pa benchi ya ogonja, kudikira sipikala kuti achipatse mpata wolankhula. M'maiko ena a mu Africa muno zipani zotere zidathawira kutchire kapena zidangofa. Kongeresi idakhala m'nyumba, idafunsa mafunso, idapita kukhoti ikakhumudwa, ndipo amene adaitsogolera pa zaka zovutazo adali a Chakuamba. Mwambo woti pulezidenti akatsegula nyumba mtsogoleri wa otsutsa ndiye amayamba kuyankha, komanso woti komiti younika momwe ndalama za boma zayendera izitsogoleredwa ndi phungu wa mbali yotsutsa, lero timauona ngati wachikhalire. Udachita kuzolowereka, ndipo oyamba kuuzoloweretsa adali anthu omwe adakulira m'chipani chimodzi, osadziwa nkomwe kuti kutsutsana kungathe popanda wina kumangidwa.

Mnyamata wa ziboliboli uja ndidakumana nayenso pa depoti. Ndidamuuza kuti aphungu kudyera limodzi chambo si vuto, ndipo kuli bwino kusiyana ndi nthawi imene wofunsa funso ankathera ku Thambani. Choti aziyang'ana ndi chakuti m'mawa mwake, akakhala pansi kuunika mabuku a ndalama, wotsutsa uja akufunsabe funso lija kapena chambo chamutseka pakamwa. Adaseka nkunena kuti iye bola amugule ziboliboli.

A Chakuamba adamwalira pa 24 October 2016 mumzinda wa Blantyre ali ndi zaka 82, ndipo adaikidwa kwawo ku Nsanje. Pa 3 February 2020 majaji asanu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, nkunenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse oponyedwa. Mu May khoti la apilo lidavomereza, kusiya chigamulo chake chija cha m'chaka cha 2000. Si ndendende zimene Mbuya ankapempha, poti iwo ankawerengera onse olembetsa, koma lamulo lotere likadakhalapo mu 2004 Bingu sakadalumbira ndi mavoti 36 pa 100 aja popanda chisankho chachibwereza. Pa 23 June 2020 a Lazarus Chakwera, amene adakhala pa mpando wa mtsogoleri wa otsutsa kuyambira 2014 mpaka 2019, adapambana upulezidenti pa tikiti ya Kongeresi, atagwirizana ndi zipani zina monga momwe a Chakuamba adayesera mu 1999 ndi mu 2004. Apo nkuti Mbuya atagona kuchigwa zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi itatu.